Ulendo wa ku New York Umene Unakathera M'dambo la Baleine

Pa 4 Seputembala 1936, dzuwa litapendeka, ndege yaing'ono ya injini imodzi inanyamuka pa bwalo la ndege za nkhondo la Abingdon, kufupi ndi Oxford ku England, n'kulunjika kumadzulo. M'katimo munali munthu mmodzi yekha, Beryl Markham, mayi wa zaka 33 amene anakulira ku Njoro m'dziko la Kenya, ndipo ulendo unali wa ku New York. Ndegeyo ku New York sinakafike. Mawa lake, itauluka maola oposa 20, inali itazika mphuno m'matope a dambo la Baleine pa chilumba cha Cape Breton ku Canada, mchira uli m'mwamba, woyendetsa wake akuchucha magazi kumutu, kutatsala makilomita oposa 1,200 kuti afike kumene ankapita. Osimba nkhaniyi amakonda kutama kuwoloka nyanja ya Atlantic, koma akafika pa matopewa mawu amatsika ngati akupepesa. Ine ndikuona kuti pamenepo mpamene mawu akanayenera kukwera. Kuwoloka nyanja kunadalira kwambiri injini ndi mafuta. Luso la woyendetsa linaonekera pamene injiniyo inakhala chete, ndipo zimene mayiyu anachita m'mphindi zimenezo n'zomwe woyendetsa ndege yaing'ono aliyense amaphunzitsidwa mpaka lero: kuonetsetsa kuti ndege ikuulukabe, kutaya mtima pa kumene umapita, ndi kulandira nthaka imene ili pafupi ngakhale ikhale yosasangalatsa.

Njira yokha inali yokwera phiri. Kumpoto kwa Atlantic mphepo kawirikawiri imaomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, moti wochokera ku America amakankhidwa kumsana, pamene wochokera ku Ulaya amakumana nayo pamphumi, ndipo ola lililonse limene mphepo yamudyera ndi mafuta amene sawabwezanso. Mu Meyi 1927 Charles Lindbergh anauluka kuchokera ku New York kukafika ku Paris, koma masabata awiri okha izi zisanachitike Charles Nungesser ndi François Coli ananyamuka ku Paris kulowera kumadzulo ndipo sanaonekenso mpaka lero. Mu 1928 ndege ya Ajeremani yotchedwa Bremen inawoloka kuchokera ku Ireland, n'kukatera pa kachilumba ka Greenly kutali ndi New York. Mu 1932 Jim Mollison, ali yekha, ananyamuka pa mchenga wa Portmarnock ku Ireland n'kukatera ku Pennfield Ridge, ku New Brunswick, mafuta atatsala pang'ono kutha. Markham anadziwonjezera mtunda poyambira ku England. Ndege yake inali Percival Vega Gull, ya matabwa ndi nsalu, yopangidwira anthu anayi, ya injini ya Gipsy Six. Mwini wake anali John Carberry, mzungu wachuma wa ku Kenya, ndipo inapatsidwa dzina loti The Messenger. Pomwe pakanakhala anthu okwera anaikapo matanki a mafuta, mpaka mayiyu anatsala ndi kamalo kongokwana iye, mapu ndi kakamba pang'ono. Wayilesi munalibe, kutanthauza kuti vuto lililonse limene akanakumana nalo panyanja linali lake yekha.

Mayiyu sanaphunzire kuuluka m'dziko la mabwalo osalala. Anaphunzitsidwa ndi Tom Campbell Black ku Kenya, ndipo ntchito imene anaigwira atalandira chiphaso inali yonyamula makalata, anthu ndi katundu kupita kumadera akutali, komanso kufufuza njovu ali m'mwamba n'kumauza alenje olemera kumene zili. Ntchito yomalizayi lero tingaiyang'ane ndi diso lina, koma sukulu yake inali yabwino. Wouluka pamwamba pa tchire ndi injini imodzi amazolowera kuyang'ana pansi n'kumadzifunsa kuti itati yazima pano ndikatera pati, ndipo funsolo amalibwereza mpaka limasanduka mpweya wake. Amazoloweranso kutera pa malo amene anthu angolambula dzulo, a zitsa ndi zulu, pomwe kuchedwa pang'ono kapena kuthamanga pang'ono kumathyola gudumu. Ndikutchula izi chifukwa anthu amaganiza kuti kutera mwadzidzidzi ndi nzeru imene imabwera pa nthawi ya ngozi. Sitero. Pa nthawi ya ngozi munthu amangochita zimene manja ake anazolowera kale.

Atachoka ku Abingdon mdima sunachedwe. Anadutsa kumwera kwa Ireland mvula ikugwa, n'kusiya m'mbuyo nyali zomaliza za m'mphepete mwa nyanja, ndipo patsogolo panali makilomita pafupifupi 3,000 a madzi okhaokha. Anauluka motsika, mumitambo ndi mumphepo, akudalira kampasi ndi zida zoonetsa ngati mapiko ali chilili, pakuti usiku wa mitambo panyanja diso silisiyanitsa kumwamba ndi pansi. Matanki a m'kati aja anali ndi timipopi totsegula pamanja. Malinga ndi mmene iye mwini anasimbira m'buku lake la West with the Night, limene linatuluka mu 1942, anali atalangizidwa kuti asatsegule thanki yatsopano yakale isanatheretu n'kutsekedwa, poopa kuti mpweya ungatsekereze mapaipi. Ndiye kuti kuzima kwa injini kunali mbali ya dongosolo la ulendo. Koma kudziwa kuti chinthu chidzachitika sikuchotsa mantha chikachitika. Pakati pa usiku injini inatsokomola n'kuzima, ndipo chimene chinatsala chinali kulira kwa mphepo m'mapiko. Anafufuza kampopi ndi tochi, n'kutsegula, n'kudikira, ndege ikutsika, mpaka injini inadzuka atatsala mamita osakwana 100 kuti akhudze mafunde.

Apa mpofunika kuima, chifukwa nkhani yonse yagona pa zimene dzanja limachita m'masekondi oyambawo. Chimene chimanyamula ndege si injini koma mapiko, ndipo mapiko amanyamula pokhapokha mpweya ukuwadutsa mothamanga komanso ukuwakhudza mopendekeka bwino. Injini imangokoka ndege kupita kutsogolo kuti mpweyawo uzidutsa. Ikazima, pali chinthu china chimene chingathe kukoka, ndicho kulemera kwa ndege yomweyo, ngati woyendetsa walola mphuno kuweramira pansi pang'ono. Ndege zambiri zazing'ono zikamatsetsereka chonchi zimapita mamita 8 kapena 9 kutsogolo pa mita iliyonse imene zatsika, moti yozimira pa mamita 600 ingathe kuyenda makilomita pafupifupi 5 kukakhala kopanda mphepo, ndipo chiwongolero chimamverabe bwinobwino. Vuto ndi thupi la munthu. Ukaona madzi kapena mitengo ikubwera, dzanja limafuna kukoka ndodo yowongolera kuti mphuno ikwere, uthawe pansipo. Ukatero liwiro limatha, mpweya umaleka kutsata mapiko, ndipo ndege imalowa mu chimene oyendetsa amachitcha stall: mphuno imagwa yokha, nthawi zina phiko limodzi limatsogola ndege n'kuyamba kuzungulira, ndipo ukakhala pafupi ndi nthaka palibe mpata wokonzera. Choncho chinthu choyamba chimene woyendetsa ayenera kuchita injini ikazima ndi chimene mtima wake ukukana, kuloza mphuno kumene akuopa. Markham anasimba kuti chilakolako chokoka ndodo anachimva, koma anaikankhira kutsogolo. Akanamvera mantha, kampopi kaja akanakatsegula ndege ikugwa kale, ndipo injini ikanadzuka mochedwa.

Wina anganene kuti mboni ya zonsezi ndi mmodzi, mwini nkhani, ndipo buku lakelo lili ndi mlandu. N'zoona. Pali amene akhala akunena kuti mwamuna wake wachitatu, Raoul Schumacher, ndiye analemba mbali yaikulu ya bukulo, ndipo olemba mbiri ya mayiyu sagwirizana pa nkhaniyi. Koma mkangano umenewu ndi wa amene anasanja mawu, osati wa amene anagwira ndodo. Zimene zili zosakanika n'zokwanira: ndege inanyamuka ku Abingdon ndi munthu mmodzi, inali ndi matanki osinthidwa pamanja, inakathera ku Baleine injini itasiya, ndipo munthuyo anatuluka akuyenda yekha. Mfundo ya mapiko ndi liwiro sidalira buku la munthu. Imayesedwa tsiku lililonse m'sukulu zophunzitsa kuuluka, pamene mphunzitsi amabweza mphamvu ya injini mosachenjeza n'kuyang'ana chimene wophunzira achite ndi mphuno. Ngakhale titachotsa zokometsera zonse za wolemba, ndege imene yazimira usiku pamwamba pa nyanja n'kupitiriza ulendo ndi umboni woti woyendetsa wake sanaitayitse liwiro.

Kutacha anaona gombe la Newfoundland, dziko limene pa nthawiyo linali lisanalowe mu Canada, ndipo anazindikira kuti ali chakufupi ndi Cape Race. Kupeza mtunda pamalo oyandikira chotero utauluka usiku wonse ndi kampasi yokha si chinthu chochepa. Pakati pa iye ndi Cape Breton panali madzi enanso a makilomita oposa 500, ndipo kuseri kwa madziwo, pa chilumba chomwecho, kunali bwalo la ndege la Sydney. Injini inkalira bwino, mafuta analipo, anapitiriza. Vuto lachiwiri linadza gombe lisanafike, ndipo linali losiyana ndi loyamba chifukwa silinali m'dongosolo. Thanki ya mafuta imakhala ndi kabowo kolowetsa mpweya, kuti mafuta akamatuluka mpweya uzilowa m'malo mwake. Amene anathirapo palafini kuchokera m'chigubu cha kukamwa kumodzi kopapatiza akudziwa mmene amatulukira mojejema, kuima, kenaka n'kukhavukanso, chifukwa mpweya ukusowa polowera. Mu mpweya wozizira ndi wachinyezi wa kumpoto kuja, ayezi anaundana pa kabowo ka thanki yomaliza. Mafuta anali m'thanki koma sankafika ku injini mokwanira. Injini inayamba kutsokomola, kuzima, kudzuka, kuzimanso, ndipo panalibe kampopi kena koti atsegule n'kuthetsa nkhani.

Injini yotsokomola ndi yoopsa kuposa yofa, ngakhale izi zikumveka zachilendo. Yofa imakuuza zoona kamodzi, ndipo umayamba kufuna potera. Yotsokomola imakulonjeza. Ikadzuka umati basi zatha, ikazima umati idzukanso, ndipo pakati pa malonjezo amenewa munthu amadutsa malo abwino oterapo n'kumati ndifika pa bwalo, mpaka imadzazimiratu ali pamwamba pa nkhalango kapena nyumba za anthu. Markham analibe malo abwino oti awadutse, pansi pake panali nyanja, choncho anachita chinthu chokhacho chanzeru: injini ikadzuka ankakwera m'mwamba mmene akanathera, ikazima ankatsetsereka kulunjika kumtunda. Kutalika ndi chuma chokhacho chimene ndege yodwala ingasunge, chifukwa mita iliyonse yokwera imadzasanduka mamita angapo a mtunda ndi masekondi angapo a kuganiza. Anafika pa gombe la Cape Breton chotero, mokwera ndi motsika. Sindikufuna kumuyeretsa mopitirira: atafika pamtunda mtima wake unali udakali ku bwalo la Sydney, limene linali patsogolo pang'ono, ndipo akanatha kugwa mu msampha womwe ndautchulawu. Chimene chinamusiyanitsa n'chakuti injini itazima komaliza sanakakamire. Sanayese kutambasula mtunda pokweza mphuno. Anayang'ana nthaka imene mapiko akanatha kuifika, anakhota kulambalala miyala, n'kutsika ndege ikumumverabe.

Kumeneko ku Baleine ndi kumapeto a kum'mawa kwa chilumba, dera la asodzi, la miyala, tchire lalifupi ndi madambo. Kuchokera m'mwamba dambo lotero limaoneka losalala ndi lokopa. Magudumu atangokhudza anatitimira, ndege inagwa chamutu, ndipo mutu wa woyendetsa unagunda galasi la kutsogolo. Apa otsutsa ali ndi mfundo yawo yamphamvu: ngati anali katswiri, bwanji anasankha matope? Yankho loyamba n'lakuti madambo anyenga akatswiri ambiri. Mu Juni 1919 John Alcock ndi Arthur Brown, oyamba kuwoloka Atlantic osaima panjira, anaona malo obiriwira kufupi ndi Clifden ku Ireland n'kuyesa munda, ndipo ndege yawo ya Vickers Vimy inazika mphuno chimodzimodzi, chonsecho injini zawo zinali zamoyo ndipo anali ndi nthawi yozungulira. Yankho lachiwiri ndi lofunika kwambiri. Woyendetsa amene injini yamufera sasankha pakati pa malo abwino ndi oipa, amasankha pakati pa oipa angapo, m'masekondi owerengeka. Mayiyu anali ndi nyanja yozizira, miyala ndi dambo. Ndege ya magudumu osapindika ikatera pamadzi kawirikawiri imagudubuka, ndipo madzi a kumeneko salekerera munthu wovulala. Miyala imaimitsa ndege nthawi imodzi. Matope amaimitsa mwankhanza, komabe amamwa mbali ya mphamvuyo. Ndiponso chimene chimapha si mtundu wa nthaka wokha koma liwiro ndi mapendekedwe amene wafikira. Mphamvu ya kugunda imakula mowirikiza: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Wofika pang'onopang'ono, mapiko ali chilili, ataloza kumene mphepo ikuchokera, angathe kutuluka wamoyo m'munda wa mizere, m'zitsamba ngakhale m'mitengo, pamene wogwa chamutu kuchokera mamita 30 amafera pa bwalo losalala. Ndege ikaphwanyika magudumu ndi mapiko n'kusiya chipinda cha anthu chili bwino, yagwira ntchito yake yomaliza. Woyendetsa amene pa nthawi imeneyo akuganiza za mtengo wa ndege kapena nkhope ya mwini wake ndiye amene ali pangozi yaikulu.

Nanga mwayi? Unalipo, ndipo kukana n'kunama. Ayezi aja akanatseka kabowo ola limodzi m'mbuyo, luso lonse likanangomuthandiza kutera bwino pamadzi pomwe panalibe womuona. Mwayi ulinso ndi nkhanza zake, ndipo mwezi womwewo unazionetsa. Pa 19 Seputembala 1936, patangotha masabata awiri, Tom Campbell Black, mphunzitsi wake uja, anafa pa bwalo la Speke ku Liverpool ndege yake ili pansi, itagundidwa ndi ndege ya asilikali. Uyu ndi munthu amene mu 1934, pamodzi ndi C. W. A. Scott, anapambana mpikisano wochokera ku England kupita ku Melbourne ngakhale injini imodzi mwa ziwiri inawavuta chakumapeto kwa ulendo. Ankakonzekera mpikisano wina wochokera ku Portsmouth kupita ku Johannesburg, umene unayamba kumapeto kwa mwezi womwewo. Pa ndege zonse zimene zinanyamuka mu mpikisanowo, imene inamaliza inali imodzi yokha, Vega Gull ya Scott ndi Giles Guthrie, mtundu womwewo wa ndege ya Markham, pamene ndege ina ya injini ziwiri inagwa ponyamuka ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala ku Zambia, n'kupha anthu awiri. Izi zikutiphunzitsa kuti luso siligula moyo nthawi zonse, ndiponso kuti injini ziwiri si chitsimikizo. Koma sizikutanthauza kuti luso ndi lachabe. Mwayi unasankha malo amene injini ya Markham inazimira. Mmene ndege inafikira pansi, kaya yoongoka kaya yozungulira, sunali mwayi.

Chitsutso chimene ndikuchivomereza kwambiri ndi choti ulendowu sunayenere kuyambika tsiku limenelo. A zanyengo anali atachenjeza za mphepo yoomba mopinga, ndege inalibe wayilesi, ndipo nyengo yozizira inali ikuyandikira. Mphunzitsi aliyense wa lero angauze wophunzira wake kuti kutera mwadzidzidzi kwabwino kuposa konse ndi kumene wakupewa uli pansi, poyang'ana nyengo, kuyeza mafuta ndi maso ako, ndi kukana kunyamuka anthu akukukakamiza. Oswa mbiri a zaka zimenezo ankasewera ndi moyo, ndipo ambiri anataya. Komabe taonani amene anatsala kuti asimbe. Amelia Earhart, mu Meyi 1932, ananyamuka ku Harbour Grace akupita ku Paris. Chida choyezera kutalika chinafa, paipi yotulutsa utsi inang'ambika moto n'kumaoneka, mafuta anayamba kudontha, ndipo ataona Ireland anasiya za Paris n'kutera m'busa la ng'ombe ku Culmore, kufupi ndi Derry. Mollison anasiya za New York n'kutera ku New Brunswick. Onsewa anali ouma mutu ponyamuka, koma ndege itawauza kuti yatopa anamva. Kulakwa kwa ponyamuka sikufafaniza kulondola kwa potera, ndipo woyendetsa amene walakwa kale ndiye amene akufunikira kwambiri kuti asaonjezere cholakwa chachiwiri chifukwa cha manyazi a choyamba.

Ulendo wotsala unali wamba. Anatuluka m'ndege n'kuyamba kupalasa matope mpaka asodzi a m'deralo anamupeza n'kumutengera kumene kunali lamya. Anakamumanga bala, anadutsa ku Louisbourg ndi ku Halifax, ndipo ku New York anakafika pa ndege ina, pa bwalo la Floyd Bennett, khamu la anthu likumudikira. Anakhala mayi woyamba kuwoloka Atlantic yekha kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, komanso munthu woyamba kutero yekha ndi mosaima atanyamukira ku England. Patapita zaka anabwerera ku Kenya n'kuyambiranso ntchito yake yakale yophunzitsa mahatchi a mpikisano, ndipo anamwalira ku Nairobi mu Ogasiti 1986 ali ndi zaka 83.

Mwina mukuti izi ndi zakale, injini za lero sizizima chisawawa. Zasinthadi. Pali GPS yoonetsa bwalo lapafupi, pali wayilesi ya pangozi pa 121.5 yoitanirapo Mayday, pali nambala 7700 imene woyendetsa amaika pa chida chake kuti oyang'anira mlengalenga amuone msanga, ndipo ndege za kampani ya Cirrus zili ndi parachuti yotsitsa ndege yonse. Koma chimene chinavuta Markham sichinathe. Injini zambiri za ndege zazing'ono zimene zimazima m'mwamba sizikhala zitasweka: mafuta atha, kapena alipo koma kampopi kaloza ku thanki yopanda kanthu, kapena muli madzi, kapena ayezi atseka kabuleta, chinthu chimene chimachitika ngakhale tsiku lofunda ngati kuli chinyezi. N'chifukwa chake dongosolo lophunzitsidwa silinasinthe. Choyamba liwiro loyenera lotsetserekera, limene pa ndege yophunzirira ya Cessna 172 ndi manoti 65 mpaka 68 malinga ndi mtundu wake. Chachiwiri malo oterapo, ndipo ndege iyambe kulowera komweko. Kenaka, ngati kutalika kukulola, kuyesa kudzutsa injini: kusintha thanki, kutsegula mpweya wotentha wa kabuleta, kuyang'ana magineto. Wayilesi imabwera pambuyo, chifukwa munthu wa mu nsanja sangakugwirire ndodo. Zida zatsopano zabweretsanso chiyeso chatsopano, pakuti bwalo looneka pa sikirini limakopa ngati mmene Sydney inkakopera mayi uja, ndipo injini ikazima ndege itangonyamuka, kufuna kutembenuka kubwerera ku bwalo uli pamunsi kwapha oyendetsa ambiri amene akanapulumuka potera kutsogolo kwawo. Ngakhale pa ndege zazikulu mfundo ndi yomweyo. Pa 15 Januwale 2009 Chesley Sullenberger, injini zonse ziwiri za Airbus A320 zitawonongedwa ndi mbalame, anapatsidwa mabwalo awiri, anaona kuti safika, anatera mu mtsinje wa Hudson, ndipo anthu onse 155 anapulumuka.

Ambiri a ife sitidzagwira ndodo ya ndege, koma ena tidzakwera tindege ta mipando yochepa popita ku zilumba, ku malo osungira nyama kapena ku chipatala chakutali. Woyendetsa akamafotokoza za malamba ndi zitseko musananyamuke, mvetserani, ndipo funsani ngati simunamve mmene chitseko chimatsegukira. Akakana kunyamuka chifukwa cha mitambo kapena akati katundu wachuluka, musamunyoze. Ndipo likadzafika tsiku loti injini yakhala chete inu muli m'mwamba, n'kuona mphuno ya ndege ikuwerama, dziwani kuti munthuyo akuchita zimene anaphunzira. Musamugwire mkono, musamufunse mafunso, musamuumirize kuti akafike pa bwalo. Mangitsani lamba, chotsani zakuthwa m'matumba, ndipo chitseko muchitsegule pokhapokha iye atanena.